Kompyuta ya Linux ya shopu ya pa Lizulu: tigule ya kaunjika kapena timange tokha?

Nachisale: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yanga mundithandize maganizo. Ndili ndi kashopu pa Lizulu, timataipa makalata, kupulinta, fotokope, ma CV a ana omaliza Fomu 4, timapepala ta misonkhano ya mpingo ndi zina zotero. Kompyuta yomwe ndakhala nayo zaka zonsezi yatopa, ukaiyatsa m'mawa madzi a tiyi amawira iyo isanadzuke, ndiye mwana wa achimwene anga akuti Windows ilimoyo eni ake anasiya kuisamalira ndipo yatsopano singalowe, tiike Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, pa makina ena. Mbatata ya chaka chino ndagulitsa, ndalama ndaiika padera sindikufuna ithere m'zina. Funso langa ndi lakuti ndikagule yathunthu ya kaunjika ku Lilongwe kapena tigule zipangizo chimodzichimodzi timange tokha monga akunenera mwanayu? Chomwe sindingalole ine ndi kutseka shopu tsiku la msika chifukwa cha makina.

Tiyamike: Azakhali mwachita bwino kufunsa pano. Akuluakulu mwana akunenedwayo ndine. Nkhani yake ndi iyi, Microsoft inasiya ma update a Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa ya Intel kuyambira 8th gen kumapita m'mwamba, pomwe ya azakhali ndi Core 2 Duo ya RAM 2 GB. Ine ndimafuna timange yatsopano kamodzinkamodzi, bodi ya AM4, Ryzen 5 5600G poti graphics ili mkati momwemo sitigulanso khadi ina, RAM 16 GB, SSD (disiki yosungira mafayilo yothamanga kuposa hadi disiki) ya 512 GB, tiikemo mtundu wa Linux wotchedwa Linux Mint 22 yomwe ilandira ma update mpaka 2029 basi tapuma.

Kondwani: Tiya ali pa mzere. Ine yanga ndinamanga ndekha ndipo ubwino wake ndi woti chilichonse chili mkatimo ndimachidziwa dzina, chikafa chimodzi ndimachotsa chomwecho ndi kuika china osataya makina onse. Komanso pa Linux AMD, opanga Ryzen aja, ndi mtendere, ma driver ake a graphics, timapulogalamu toyendetsa chipangizocho, ali kale mu kernel, mtima wa Linux, umangoyatsa sikirini nkuoneka bwinobwino. Kaunjika ndi kugula mavuto a munthu wina amayi, simudziwa kuti anaigwiritsa ntchito bwanji kumene yachokerako

aJere: Ana anga ndakumvani ndipo sindikutsutsa kuti yomanga wekha ndi yabwino, koma tiyeni tione kaye ntchito ya mayiwa. Kutaipa, kupulinta, kusikana. Ntchito imeneyi sifuna Ryzen. Ine ndakhala ndikukonza makompyuta pa boma la Ntcheu pano nthawi yaitali ndithu ndipo ndikuuzeni chomwe chikuchitika panopa, maofesi akunja akuchotsa makina a i5 6th gen ndi 7th gen osati chifukwa anawonongeka ai, koma chifukwa Windows 11 yawakana basi. Ma Dell OptiPlex, HP EliteDesk, Lenovo ThinkCentre, makina opangidwira kuyaka tsiku lonse muofesi. Linux ilibe nawo vuto amenewa, ndipo imawakonda kuposa atsopano chifukwa ma driver awo anakhazikika kalekale, zolakwika zonse anthu anazipeza nkuzikonza. Makina ongotuluka kumene ku fakitale ndi amene nthawi zina amafuna kernel yatsopano kuti wifi kapena sound igwire. Ndiye i5 ya 6th gen, RAM 8 GB, muikemo SSD, Mint imathamanga ngati mwana wotumidwa kumsika.

Kondwani: Madala koma nanga ikafa?

aJere: Ndikubwera pomwepo aKondwani dikirani. Choyamba tione kumangako. Zipangizo zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, bodi, purosesa, RAM, SSD, power supply, kesi, mwinanso khadi ya wifi, ndipo sizipezeka shopu imodzi zonse. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja ogulitsa ambiri amabweretsa zomwe zikuyenda malonda msanga, china umachita kuitanitsa nkudikira. Chaka chatha mnyamata wina wa ku Kampepuza anabwera kwa ine ndi katoni, wagula zonse zatsopano, bodi ya B450 ndi purosesa yomweyi ya 5600G akuitchula Tiyamikeyi. Wamanga bwinobwino, zingwe wazikonza mwaudongo, kuyatsa mafani akuzungulira koma sikirini bii. Vuto linali loti bodiyo inali ya sitoko yakale, BIOS yake, kapulogalamu ka pa bodi koyatsa makina, simaidziwa purosesa ya Ryzen 5000, ndipo kuti uike BIOS yatsopano pa bodi yopanda kabatani ka flashback umafunika purosesa yakale yoti uyatsire kaye. Mu Ntcheu monse muno tinafufuza wa Ryzen yakale osampeza, makina anakhala pa shelefu panga masabata atatu, wogulitsa uja kumuimbira akuti katundu wotsegulidwa sabwezedwa. Mnyamata amatha kudikira masabata atatu. Shopu ya mayiwa ingadikire?

Tiyamike: Eeh za BIOS zo ndazimva aJere, ndiye kuti pogula bodi kumayang'ana pa katoni ngati palembedwa kuti Ryzen 5000 ready

aJere: Eya, komano ukaitanitsa kutali katoniyo umaiona itafika kale.

Kondwani: Chabwino koma inunso munene zonse madala. Ma Dell ndi ma HP ang'onoang'ono aja ambiri power supply yake si ya standard, pulagi yake yopita pa bodi ndi yawoyawo, kukula kwakenso ndi kwawokwawo. Ikapsa simungangotenga iliyonse ya mushopu nkuika. Pomwe yomanga wekha ndi ATX 24 pin, kulikonse umaipeza. Ndipo kuno chimene chimayamba kufa ndi power supply yomweyo ndi mmene magetsi amabwerera mwamphamvu akazima muja

aJere: Apo wanena zoona mwana wanga sindikana. Nchifukwa chake ndimauza anthu kuti pa kaunjika osathamangira modelo yachilendo yooneka bwino, gulani imene yadzadza m'mashopu, imene ukalowa umaipeza itaunjikidwa khumi pakona. Imeneyo ikafa power supply pamakhala inzake yakufa bodi yoti tichotseko. Ine kuseri kwa shopu kwanga kuli mitembo ya ma OptiPlex yomwe yadzutsa anzake ambirimbiri.

aPhiri: Moni nonse, ndimawerenga chamumtima ndili mukalasi, pano ndaweruka. Anachisale, ine Linux ndinayamba nayo kale, nthawi imene kampani ya Canonical inkatumiza ma CD a Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ulere pa positi, unkangolemba adiresi pa intaneti nkudikira, anadzasiya mu 2011. Yanga inafika mu envulopu pa positi ofesi ya Dedza ndipo ndinayenda nayo pa njinga mpaka ku Bembeke nditaiika mkati mwa jekete kuopa mvula. Chinandikoka ndi dzinalo, mwini wake Mark Shuttleworth ndi wa ku South Africa ndipo ubuntu ndi mawu omwe ife timati umunthu. Chiyambire 2004 mpaka lero sanandilipiritseko kanthu. Koma chomwe ndikufuna kunena si chimenecho. Anyamatawa akukangana za bodi ndi purosesa, palibe wafunsa kuti magetsi pa shopu panu ali bwanji. Mvula yayamba, ziphaliwali za m'mapiri muno mukuzidziwa.

Nachisale: Aphunzitsi mwakhudza pachilonda. Magetsi akazima timangokhala, ndili ndi kasola ka panelo imodzi ndi batire ndi kainveta koma kompyuta yakaleyi ukailumikiza inveta imangolira tswii nkuzima. Mwezi watha ndinali pakati pa kalata ya gogo wina yopita kwa mfumu, masamba awiri, magetsi phethi, gogoyo anachoka ku Mlangeni wapansi ndipo anabwereranso mawa lake. Zinandipweteka mtima

aPhiri: Mwaona. Ndiye apa pali njira yachitatu imene sinatchulidwe, timakina ting'onoting'ono tija, Lenovo amati Tiny, Dell amati Micro, HP amati Mini. Kukula kwake ngati Baibulo la pa guwa, timayendera chaja ngati ya laputopu, zambiri ndi za 65 watts ndipo potaipa sikafika nkomwe pamenepo. Kameneko ndi monita ya LED inveta yanu ikhoza kunyamula. Chaja ikapsa mumagula chaja ina, simutsegula makina. Yomanga wekha ya kesi yaikulu simungaichepetse kufika apa ndi ndalama ya mbatata. Pulinta ya laser yokha ndiye musaiike pa inveta yaing'ono, imakoka magetsi ambiri ikamatenthetsa.

Tiyamike: Nanga bwanji osangogula laputopu aphunzitsi, batire ili momwemo

aPhiri: ThinkPad ya kaunjika ndi yabwino kwambiri pa Linux, ineyo ndi imene ndikulembera pano. Koma ya kaunjika batire nthawi zambiri imakhala yotha, komanso pa shopu pamene pakudutsa anthu ambiri laputopu imanyamulika mosavuta, ndipo kiyibodi yotaipidwa tsiku lonse imatha. Ya desktop ikatha mumagula ina pa mtengo wochepa nkulumikiza.

Yamikani: Ndili kuno ku Joni ndikutsatira. Ngati mwasankha zomanga ndiuzeni zipangizo ndikhoza kugula kuno nkupatsira a basi odutsa pa boda ya Dedza, koma muwerengere transipoti ndi msonkho wa pa boda, komanso chikafika chili chakufa kuchibweza kuno ndi ulendo wina. Ine ndinganene kuti RAM ndi SSD zokha ndi zimene zili bwino kutumiza, ndi zopepuka ndipo sizisweka wamba. Langizo langa lina, kaya mwagula kaya mwamanga, pa ntchito ya shopu musalole kukuikirani khadi ya NVIDIA ngati chokometsera malonda, imagwira pa Linux inde koma imafuna driver yake yapadera ndipo makhadi akale kwambiri driver yawo inasiyidwa. Graphics ya Intel ya mkati ikukwanirani. Wifi nayonso funsani, ya Intel imangogwira yokha, ina ya Broadcom imafuna kudawuniloda driver kaye, ndiye taganizani mukufuna intaneti kuti mukonze intaneti

Kondwani: Pamenepo umangolumikiza foni ndi chingwe cha USB nkuyatsa tethering, Mint imaiona pompo ngati waya

Yamikani: Zoona aise, bola wina akhale pafupi woti awaonetse azakhaliwo koyamba

Nabanda: Pepani ndilowerere, ine ndimataipa pa boma la Dedza ntchito ngati yomweyi ya achemwali Nachisale ndipo ndakhala pa Mint chaka ndi miyezi. Abambo inu mukukamba za makina koma vuto lenileni la shopu lili pa pulinta ndi pa mafayilo a makasitomala. Achemwali pulinta yanu ndi ya mtundu wanji? Chifukwa mukhoza kumanga kompyuta ya golide koma pulinta ikakana ndiye kuti shopu yatsekedwa.

Nachisale: Ndili ndi ziwiri achemwali, HP LaserJet ya black ndi Epson ya inki ya m'mabotolo ija ya zithunzi

Nabanda: Ndiye muli ndi mwayi. Ma HP ambiri amagwira ndi driver yotchedwa HPLIP, Epson nayo ili ndi driver ya Linux, ina imapezeka mu Software Manager momwemo dzina lake escpr. Amene amavuta ndi ma Canon LBP akale ngati 2900, driver yake ya CAPT imafuna munthu woleza mtima. Koma musangomva za ine, modelo ndi modelo zimasiyana, muyese yanuyo ndi maso anu, sikana yakenso muyese osati kupulinta kokha.

Tsopano za mafayilo. Kasitomala amabwera ndi CV yake yolembedwa mu Word, mukaitsegula mu LibreOffice, yomwe timalembera pa Linux m'malo mwa Word, nthawi zina mizere imasuntha, tsamba limodzi limasanduka awiri, siginecha yapita kumunsi yokha. Sabata yoyamba zinandisowetsa tulo. Chifukwa chake ndi ma font, Word imagwiritsa Calibri ndi Cambria zomwe pa Linux palibe. Mankhwala ake muike Carlito ndi Caladea, zilembo zake zinapimidwa kukula mofanana ndendende ndi ziwirizo, ndipo za Times New Roman ndi Arial pali Liberation yomwe imabwera kale. Chiikireni zimenezi madandaulo anachepa kwambiri. Amene ali ndi matebulo ovuta ndimangowauza kuti asevere PDF pa foni pawo anditumizire pa WhatsApp.

Chimene ndimaikondera ine ndi nkhani ya mafulashi. Mukudziwa kavairasi kaja kobisa mafoda nkusiya ma shortcut, mwana wasukulu akubwera akulira kuti project yake yonse yafufutika. Pa Windows ndinkachita kufomata makina pafupipafupi chifukwa cha mafulashi a anthu. Pa Mint ndimalowetsa fulashi iliyonse, kavairasiko sikathamanga, ndimakaona kali apo ngati fayilo wamba nkukafufuta, mafoda a mwana uja ali bwinobwino nkumubwezera.

Koma ndinenenso mbali inayo kuti musadzati Nabanda anandinamiza. Makadi a ukwati ndi a zinkhoswe ngati munazolowera CorelDraw kapena Publisher, pa Linux palibe. Pali Inkscape ndi Scribus ndi GIMP, zimagwira ntchito ndithu koma dzanja limayamba kaye laphunziranso, ndipo fayilo ya Corel ya kasitomala imatseguka mwina bwino mwina zosokonekera. Musasinthe mu Disembala maukwati ali pakalapakala, yambani kuphunzira panopa madzulo mukatseka.

Nachisale: Achemwali mwandimasula. Makadi ndimapanga ochepa, ambiri ndi makalata ndi ma CV ndi mapepala a mayeso a sukulu za mkaka. Za mafulashi zo ndiye ndi matenda anga enieni

Kondwani: Ine ndikuonabe kuti pakapita zaka zitatu mudzafuna yamphamvu, mukadzayamba kukonza ma video a maukwati pa pulogalamu ya Kdenlive i5 yakaleyo idzalira. Yomanga umangosintha purosesa pa bodi yomweyo

aJere: Akadzayamba ma video adzakhala ndi ndalama ya ma video aKondwani, ndipo tsiku limenelo ndidzakuitana iweyo udzamange, pamenepo kumanga ndiye nzeru. Lero ndalama yotsala pa kaunjika ipite ku SSD yatsopano, surge protector yeniyeni ndi toner.

Amayi mvetserani za pogula, izi ndi zofunika kuposa zonse takambazi. Musapereke ndalama musanayatse makinawo ndi fulashi yanu ya Mint. Linux imatha kuyaka kuchokera pa fulashi osakhudza chilichonse cha mu hadi disiki, ndiye wogulitsa alibe chifukwa chokanira, akakana tulukani mulowe shopu ina. Ikayaka muone sound, mabowo onse a USB kutsogolo ndi kumbuyo mmodzimmodzi, waya wa netiweki, wifi ngati ilimo. Tiyamike atsegule pulogalamu ya Disks aone SMART, imanena maola amene disikiyo yagwira ntchito komanso ngati yayamba kudwala. Alowenso mu BIOS, makina ochokera m'maofesi ena amabwera ndi pasiwedi yomwe wogulitsayo saidziwa, ndipo ikatero simungasinthe ngakhale poyambira boot, imeneyo isiyeni ngakhale atsitse mtengo. Muone tsiku ndi nthawi, ngati ikuonetsa chaka chakalekale ndi kabatire ka CR2032 ka pa bodi katha, kameneko ndi kotchipa koma mukapanda kusintha mawebusaiti amakana kutseguka. Atsegule chivundikiro muone fumbi ndi ma capacitor ngati ena atupa pamwamba.

Ndipo ichi ndichinene pachokha. Mukagula ya kesi yaikulu yakale yochokera ku America, kumbuyo pa power supply ena amakhala ndi kaswitchi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Kuno magetsi athu ndi 230. Ndili mnyamata ndikuphunzira ntchitoyi bambo wina anabweretsa makina amene mwana wawo anawatumizira, atakulungidwa mu bulangeti, akumwetulira. Ine osayang'ana kumbuyo ndinangolowetsa pulagi. Kunamveka phuu, kautsi koyera kakutuluka pa fani, fungo lake ndimalikumbukira mpaka lero, ndi nkhope ya bambo aja. Ndinagwira ntchito mwezi wathunthu kulipira power supply imeneyo. Chiyambire tsiku limenelo makina alionse ndimayamba ndawatembenuza kaye.

Tiyamike: Ndalemba zonse mu kope aJere. Koma mtima wanga ukadali pa kumanga ndisaname, ndimafuna ndiphunzire ndi manja anga

aJere: Bwera Loweruka lililonse ku shopu, mitembo ilipo yambiri, udzamasula ndi kumanga mpaka udzatope. Kuphunzira usaphunzirire pa ndalama ya azakhali ako.

aPhiri: Ndipo yakale ija musataye Anachisale. Core 2 Duo ndi 64 bit, muikemo SSD yaing'ono ndi Linux yopepuka ngati Lubuntu kapena Debian ya LXQt, RAM ikapezeka muonjezere ifike 4 GB. Pa intaneti idzakhala yolemera koma kutaipa kalata ndi kupulinta idzatha. Tsiku limene yatsopanoyo ili kwa aJere shopu sidzatsekedwa. Debian chiyambire 12 ya mu Juni 2023 amaika firmware mu installer momwemo ndiye sivutanso ngati kale.

Nachisale: Nanga Mint yo tiitenga kuti, Tiya akuti ndi yaikulu

Tiyamike: Pafupifupi 3 GB azakhali, Ubuntu 24.04 ndiye pafupifupi 6 GB, bandulo yake si yamasewera ndipo netiweki ya kwathu ikaduka pakati umayambiranso

aPhiri: Musawononge bandulo, ine ndili nazo kale pa fulashi ya Ventoy yonyamula ma Linux angapo pamodzi, Mint ya Cinnamon, ya Xfce, Lubuntu ndi Debian, mumangosankha pa menyu poyatsa. Memtest ilimonso muyesere RAM. Kukoperana ndi kololedwa, layisensi yake imalola, palibe za crack pano. Mawa ndikutsika ku boma la Dedza, ndikopera pa fulashi ina ndipatsire kondakitala wa minibasi ya ku Ntcheu akusiyireni pa siteji.

Nabanda: Ndipo fulashi ikafika yambani mwayesa mapulinta onse awiri pa kompyuta yakaleyo musanapite ku Lilongwe, idzachedwa kuyaka koma mudzadziwiratu ngati akugwira. Ikavuta ndiimbireni pa video tidzaonere limodzi

Yamikani: SSD ndi RAM ndidikira mundiuze modelo mwagula, DDR3 ndi DDR4 sizilowana ndipo timakina ting'onoting'onoto timafuna RAM yaifupi ya laputopu, musanditumize ndisanaone chithunzi cha stika ya pansi

Kondwani: Mukafika mtauni mundiimbire ndikuperekezeni, mashopu ake ndikuwadziwa. Ngakhale mwakana zomanga sindingalole akugulitseni ya pasiwedi

Nachisale: Ambuye akudalitseni nonse. Ndasankha kakang'ono kaja aphunzitsi anena, i5, ka modelo yopezeka paliponse monga anenera aJere, ndipo yakaleyi Tiya aikonze ikhale yodikirira. Tipita Lachiwiri pa minibasi yoyamba, kainveta ndi batire sindinganyamule koma chaja yake ndidzawerenga ma watts ndisanalipire. Aphunzitsi fulashiyo muikulunge mu pepala mulembe Nachisale stationery, makondakitala onse a msewu uno amandidziwa

aPhiri: Ndamva mayi. Ndikakweza ndikutumizirani nambala ya galimoto ku inbox, mutume mwana akadikire pa siteji cha m'ma 10